Ndani amaiwerengera digiri ya OTD? Zomwe ndinaona nditaitenga

Ndimagwira ntchito ya occupational therapy ku America, m'chipatala chothandiza anthu amene apulumuka ku sitiroko, ngozi za pamsewu ndi maopaleshoni akuluakulu. Kwa amene simukuidziwa ntchitoyi, ife timaphunzitsa munthu kuchitanso zinthu zimene matenda amulanda: kuvala, kusamba, kupita yekha kuchimbudzi, kuphika, kulemba, kubwerera kuntchito. Ndinalowa ntchitoyi ndi digiri ya masters, ndipo patapita zaka ndinabwerera kusukulu kukatenga digiri ya udokotala yotchedwa OTD. Chitengereni pepala limenelo, achinyamata amene amabwera kudzayeserera ntchito m'manja mwanga salephera kundifunsa ngati nawonso aitenge. Ndimawauza kuti ayambe andiuza kaye amene akufuna kuti adzaiwerengere digiriyo, chifukwa kulemera kwake kumasintha malinga ndi chipinda chimene walowa nayo.

Chisokonezo choyamba n'chakuti pansi pa dzina limodzi la udokotala pali zinthu zitatu zosiyana, ndipo otsatsa maphunziro m'mayunivesite safulumira kukuuza zimenezi. Pali OTD yolowera ntchito, ya munthu amene sanagwirepo wodwala n'kale lonse. Ameneyu akamaliza digiri yoyamba amaphunzira zaka pafupifupi zitatu, n'kutuluka ndi udokotala asanalembe ngakhale mayeso a layisensi. Pali OTD ya anthu amene ali kale pantchito, imene ndinatenga ineyo. Iyi ambiri amaiphunzira pa intaneti akaweruka, ndipo sionjezera kalikonse pa layisensi poti layisensiyo uli nayo kale. Kenako pali PhD, imene imaumba munthu wochita kafukufuku moyo wake wonse. Yunivesite ya Southern California inatsegula PhD ya occupational science mu 1989, pomwe OTD yolowera ntchito inayambira ku Creighton, mumzinda wa Omaha, mu 1999. Munthu akandiuza kuti akufuna udokotala koma osadziwa kuti ndi uti mwa atatuwa, ndimadziwa kuti chimene chamukopa ndi dzina chabe.

Kuti mumvetse chifukwa chake ambirife tinathamangira kusukulu, muyenera kudziwa zimene zinkachitika zaka zimenezo. Chisanafike chaka cha 2007 munthu ankatha kulowa ntchitoyi ndi digiri yoyamba yokha, koma kuyambira chaka chimenecho aliyense watsopano anayenera kukhala ndi masters. Anzathu a mafizo, amene timapanikizana nawo m'chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku, anakwera kuposa pamenepo: pofika 2016 sukulu zawo zonse zinali zitasamukira ku udokotala wa DPT. A zamankhwala anali atachita kale zomwezo ndi PharmD. Ndiye mu Ogasiti 2017 bungwe la ACOTE, limene limavomereza sukulu zathu, linalengeza kuti pofika pa 1 Julaye 2027 khomo lolowera ntchitoyi lidzakhala udokotala basi. Panabuka mkangano wa mnanu. Ena anaomba m'manja kuti tsopano tilemekezeka ngati anzathu. Ena anakalipa kuti kumeneko n'kutsekera kunja ana a anthu osauka ndi kusenzetsa achinyamata ngongole popanda umboni woti odwala apindulapo. Nkhaniyi inatha mu Epulo 2019 pamene nthumwi za AOTA, bungwe la ife eni ntchito, zinavota kuti makomo onse awiri akhale otsegula. Mpaka lero ungalowe ndi masters kapena ndi udokotala.

Koma mantha anali atalowa kale anthu m'mitima. Chigamulo cha 2017 sichinkakhudza ife amene tinali ndi layisensi, komabe pa nkhomaliro nkhani inali imodzi yokha: pakatha zaka khumi mwana aliyense wotuluka kusukulu adzakhala dokotala, nanga ife tidzaoneka ngati ndani? Ine ndinalembetsa m'nyengo imeneyo. Mantha amenewo analipo, sindikana, koma ndinalinso ndi chilakolako chodzaphunzitsa, ndipo chilakolako chimenechi n'chomwe chinadzandibwezera zimene ndinawononga.

Tiyambe ndi chipinda cha malipiro, poti n'kumene ambiri amagwera mphwayi. Nditalandira pepala langa ndinalitengera kwa abwana a dipatimenti yathu. Anandilandira ndi manja awiri, anaitana anzanga kuti andiyamikire, mpaka keke inabwera. Anthu atabalalika, anatembenuza kompyuta yawo kuti ndidzionere ndekha ndandanda wa malipiro. Mzere uliwonse unali wa zaka zimene munthu wagwira ntchito. Panali danga la amene amayang'anira anzawo, danga la amene amagwira Loweruka ndi Lamlungu, danga la amene ali ndi satifiketi ya ukatswiri wapadera. Danga la digiri panalibe. "Si kuti sindikuyamikirani," anatero abwanawo. "Koma tandiuzani, mawa mukalowa kwa wodwala, a inshuwaransi atipatsa zingati zoonjezera chifukwa cha pepalali?"

Funso limenelo ndi mutu wa nkhani yonse ya ndalama, ndipo si nkhanza za bwana mmodzi. Medicare, inshuwaransi ya boma imene imasamala makamaka anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, siona kuti wagwira ntchito ndani, imangoona ntchito imene yagwiridwa. Kwa odwala oyendera, chilichonse chimene timachita chili ndi nambala yake: 97165 mpaka 97167 ndi kuyeza wodwala koyamba, 97535 ndi kumuphunzitsa kudzisamalira ndi kuyendetsa za pakhomo. Zambiri mwa ntchitozi amaziwerenga m'zigawo za mphindi 15, ndipo kuti chigawo chiwerengedwe uyenera kukhala ndi wodwalayo mphindi zosachepera 8. Kwa odwala ogonekedwa, chipatala chimalandira ndalama malinga ndi matenda a munthuyo ndi mmene wafookera. Pa mafomu onsewa palibe pamene pamafunsa kuti unaphunzira mpaka pati. Ndipo si kuti Medicare sidziwa kusiyanitsa anthu ikafuna: kuyambira 2022, ntchito imene wagwira wothandizira wathu, amene timawatcha OTA, kwa odwala oyendera imalipidwa 85 pa 100 iliyonse. Pakati pa OTA ndi OT, kutanthauza ife eni ntchito ya occupational therapy, inajambula mzere. Pakati pa masters ndi udokotala sinajambule. Chipatala sichingakugawire ndalama imene sichinalandire.

Alipo malo ena amene amaonjezerako pang'ono, makamaka sukulu za ana za boma kumene malipiro amatsata ndandanda wa aphunzitsi, umene nthawi zambiri umawerengera maphunziro. Ngati mukulowera kumeneko, funsani ndandandawo muuone ndi maso anu musanalipire fizi.

Chipinda chachiwiri ndi cha wodwala. Tsiku lina ndinkaphunzitsa bambo ena achikulire kuvala malaya. Sitiroko inali itawafoola mbali yonse ya kumanzere, dzanja lili lende. Pali njira yake: malaya amawayala pamiyendo, kolala kuloza kumawondo, ndiye dzanja lofooka ndi limene limayamba kulowa. Munthu amalinyamula ndi dzanja lamphamvu, kulilowetsa mu mkono wa malaya, kukoka nsaluyo kupitirira chigongono mpaka paphewa. Akaisiya pachigongono, zonse zimakanika. Kenako amagwira kolala, kuizungulitsa kuseri kwa khosi, n'kulowetsa dzanja labwino. Mabatani timayambira pansi kuti munthu aone bwino kuti akulingana, ndipo kwa amene zala sizikugwira tili ndi kachitsulo kokowera mabatani. Bambowa anali atalimbana ndi batani limodzi mpaka thukuta kamukamu, ndipo popumira maso awo anagwera pa baji yanga.

"Zilembo zonsezi n'zanu nokha?" anafunsa.

Ndinawauza kuti inde, n'kuwafotokozera mwachidule.

"Ndiye ndinu adokotala? Mwachita bwino. Mundilembere mankhwala a tulo, usiku sindikugona."

Ndinayamba kufotokoza kuti udokotala wanga si wa mankhwala, kuti ndiwauza anamwino ndi adokotala awo. Mayi a kunyumba kwawo, amene anakhala chete pampando nthawi yonseyo chikwama chili pamiyendo, anandidula mwaulemu. "Pepani, ife za zilembozo sitikuzidziwa. Chimene tikufuna n'chakuti bambowa azitha kupita okha kuchimbudzi usiku. Ine msana wanga watha, sindingawanyamule."

Kuyambira pamenepo sindidzitchula dokotala m'chipinda cha wodwala. Kumasokoneza anthu amene mitu yawo yasokonezeka kale, ndipo m'maboma ena malamulo amakukakamiza kuti ukagwiritsa ntchito dzinalo kuchipatala unene momveka kuti ndiwe dokotala wa chiyani. Anzanga ena amalitchula, ndi ufulu wawo, analigwirira ntchito. Koma sindinaonepo wodwala amene anandikhulupirira kwambiri chifukwa cha zilembo. Amakukhulupirira akaona kuti wazindikira msanga kuti phewa likuwawa asananene, kapena kuti wafunsa kutalika kwa chimbudzi cha kunyumba kwawo usanawauze zogula.

Nanga ulemu wa anzathu a ntchito zina, umene unkanenedwa kwambiri mu 2017? Ankati tikakhala pa tebulo limodzi ndi madokotala a mankhwala, a mafizo okhala ndi DPT ndi a zamankhwala okhala ndi PharmD, mawu athu amachepa mphamvu chifukwa ife tokha ndife opanda udokotala. Ndakhala pa misonkhano yokambirana za odwala ndili ndi masters, ndakhalaponso ndili ndi OTD. Kusiyana sindinakuone. Dokotala wa mankhwala ali ndi odwala ambiri ndi mphindi zochepa, baji yako saiwerenga. Amatchera khutu ukanena kuti, "Mayi awa asatuluke okha. Tinawayesa kukhitchini, anasiya chitofu chikuyaka ndipo sanazindikire ngakhale titawakumbutsa." Munthu amene amamvedwa kwambiri m'dipatimenti yathu ndi mayi ena amene analowa ntchito kalekale ndi digiri yoyamba yokha. Iwowa ndi katswiri wa manja, ali ndi satifiketi ya CHT, ndipo madokotala ochita maopaleshoni a minyewa ya zala amawaitana ndi dzina, kuwafunsa kuti chala chiyambe liti kupindidwa. Satifiketi imeneyo saipereka mwachisawawa: uyenera kukhala utagwira ntchito zaka zitatu, ndi maola 4,000 othandiza anthu a mavuto a manja ndi mikono, kenako n'kukhoza mayeso ovuta. Ndipo ndi imene inali ndi danga pa ndandanda wa abwana aja.

Mukafika apa mungaganize kuti ndikuti digiriyi ndi yachabechabe. Ayi. Pali chipinda chimodzi kumene imalemera zedi, ndipo popanda iyo kawirikawiri pakhomo pomwe sakutsegulira: kuyunivesite. Malamulo a ACOTE amafuna kuti m'sukulu yophunzitsa OTD aphunzitsi onse okhazikika a ntchitoyi akhale ndi udokotala, ndipo m'sukulu ya masters ambiri mwa iwo akhale nawo. Amafunanso kuti gawo lina la aphunzitsiwo likhale ndi udokotala wotengedwa munthu ali kale pantchito, osati wolowera uja. Sukulu zambiri zitasamukira ku OTD ndipo zatsopano zitatsegulidwa, njala ya aphunzitsi otere inakula. Ndisanatenge digiriyi ndinkaitanidwa mwa apo ndi apo kukaphunzitsa tsiku limodzi ngati mlendo. Nditaitenga, yunivesite ina inandipatsa kalasi yangayanga ya madzulo, yophunzitsa za kuthandiza akuluakulu ofooka ziwalo, ndipo ndalama ya kumeneko ndi imene pang'ono ndi pang'ono inabweza fizi. Ntchito za utsogoleri nazo, makamaka zoyendetsa maphunziro a ogwira ntchito m'zipatala zikuluzikulu, zina zimalemba kuti wokhala ndi udokotala adzaganiziridwa koyamba.

Chenjezo lake ndi ili: kuyunivesite komweko kuli makwerero. OTD imakulowetsa ku uphunzitsi wa kathandizidwe ka odwala. M'mayunivesite akuluakulu a kafukufuku, mipando yokhazikika ndi ndalama zikuluzikulu za kafukufuku, monga zochokera ku NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, nthawi zambiri zimapita kwa a PhD. Ngati maloto anu ndi kukhala ndi gulu lanu lofufuza, OTD ingokuchedwetsani. Pitani ku PhD, kumene kawirikawiri sukulu imakulipirira fizi ndi kukupatsa kangachepe ka m'thumba chifukwa ukuwagwirira kafukufuku. OTD umadzilipirira wekha.

Pali phindu lina limene silioneka pa ndandanda uliwonse, ndipo ndilinene mosakokomeza. Maphunzirowa anandiphunzitsa kuwerenga kafukufuku ndi diso lokayika. Kale ndikamva kuti njira yakuti yatsimikizika kuti imathandiza, ndinkangovomera. Tsopano ndimafunsa kuti anaiyesa pa anthu angati, anawayerekeza ndi ndani, anayeza chiyani, ndipo patatha miyezi phindulo linatsalabe kapena ayi. Makampani ogulitsa zipangizo zodula za mafizo a dzanja akabwera ndi zithunzi zawo zokongola, ndimadziwa tsamba loyenera kutsegula.

Chinanso ndi pulojekiti yomalizira maphunziro, imene amaitcha capstone. Yanga inali ya achibale osamalira odwala sitiroko. Vuto ndinkaliona tsiku lililonse: wodwala timamuphunzitsa kwa milungu, koma mkazi wake kapena mwana wake, amene adzamunyamule kunyumba, timamuonetsa zonse mothamanga tsiku lotuluka, galimoto ikudikira panja. Ndinakonza ndondomeko yoti wachibale ayambe kubwera msanga, agwire yekha ntchitoyo ife tikuonerera: kusamutsa munthu kuchoka pabedi kupita pachikuku, kumulowetsa m'bafa, kumukweza m'galimoto. Poyeza ngati zikuthandiza ndinagwiritsa ntchito COPM, chida chochokera ku Canada chimene chinatuluka mu 1991. Wodwala amasankha yekha zinthu zimene zili zofunika kwa iye, n'kudzipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10 pa mmene akuzichitira ndi mmene akukhutirira, ndipo pakapita nthawi timamufunsanso. Ndondomeko imeneyo ikugwirabe ntchito pa wodi yathu. Ndikafunsidwa ngati ndikanatha kuichita popanda digiri, ndimati mwina, koma sindikanaichita. Sukulu inandipatsa mlangizi, tsiku lomalizira ndi chifukwa chopemphera nthawi kwa abwana. Funso ndi lakuti kodi chikwapu chimenecho n'choyenera mtengo wake kwa inu.

Mtengowo si ndalama zokha. Unkati ukaweruka thupi lili lefu chifukwa chonyamula anthu tsiku lonse, uyambe kuwerenga mapepala a kafukufuku mpaka pakati pa usiku. Loweruka silinalinso langa. Amene muli pabanja, kambiranani nkhaniyi poyera musanalembetse, chifukwa amene amalipira nthawi imeneyo ndi a m'nyumba mwanu.

Tsopano kwa inu amene simunalowe ntchito, amene mukusankha pakati pa masters ndi OTD yolowera, poti ndinu amene mumandifunsa kwambiri. Ophunzira a mitundu yonse iwiri amadutsa m'manja mwanga, ndipo onse amachita milungu 24 yomweyo ya kuyeserera ntchito kwakukulu. Onse amalemba mayeso amodzimodzi a NBCOT, bungwe loyesa olowa ntchito yathu. Akakhoza onse amatchedwa OTR, kutanthauza OT wolembedwa m'kaundula, ndipo boma lawo limawapatsa layisensi yofanana, yowalola kuchita zinthu zofanana. Tsiku loyamba pa wodi sindingakuuzeni kuti uyu ndi wa masters, uyu wa udokotala. Onse manja amanjenjemera akamadzutsa munthu pabedi koyamba, onse amaiwala kumanga mabuleki a chikuku mpaka uwakumbutse.

Chimene wa OTD amaonjezera ndi maphunziro ena a utsogoleri, kafukufuku ndi kukonza mapulogalamu, kuphatikizapo milungu 14 ya capstone. Milungu imeneyo amakhala akugwira ntchito kwinakwake, kawirikawiri osalipidwa, uku akulipira fizi. Mnzake wa masters nthawi imeneyo analemba kale mayeso, akulandira malipiro ndipo zaka zake za pa ndandanda uja zayamba kuwerengedwa. Choncho powerengera mtengo musaone fizi yokha, onjezani malipiro a miyezi imene mukanakhala muli pantchito. Onjezaninso chiwongoladzanja, chifukwa ngongole za boma za maphunziro apamwamba zimayamba kubereka udakali m'kalasi. Tingoyerekeza kuti kusiyana kwa masukulu awiri ndi $30,000 ndipo chiwongoladzanja ndi 7 pa 100 iliyonse: imeneyo ndi $2,100 chaka chilichonse, usanakhudze n'komwe ngongole yeniyeniyo.

Mtsikana wina wa OTD amene ankayeserera ntchito kwa ine anandifunsa mwakachetechete, tikulemba malipoti madzulo, ngati zinali zoona kuti adzayamba ndi malipiro ofanana ndi a anzake a masters. Kusukulu kwawo anali atamva kuti adzatuluka ali atsogoleri. Ndinamuuza zoona. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anatchula ngongole yake, nambala imene inandichititsa kusiya kulemba. Anali wophunzira wabwino kwambiri, wa manja ofewa ndi diso lakuthwa. Chimene chinandipweteka n'chakuti palibe amene anamuonetsa masamu amenewa asanasaine.

Koma ndaonanso wina amene capstone inamutsegulira njira. Mnyamata ameneyu anasankha kukagwira ku bungwe losamala anthu osowa pokhala, kumene kunalibe OT ndi kale lonse. Anawathandiza kukonza njira yophunzitsira anthu amene angopatsidwa nyumba kusunga ndalama, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kusamala m'nyumba kuti asathamangitsidwenso. Milungu yake itatha, bungwelo linafunafuna ndalama n'kumulemba ntchito imene kunalibe. Kusiyana kwa awiriwa sikunali nzeru. Mnyamatayu analowa akudziwa chimene adzachite ndi milungu 14 imeneyo. Ngati muli ndi malo otero m'mutu mwanu, kaya ndi ndende, anthu ovutika kuona, kapena kuyeza ngati okalamba angayendetsebe galimoto, OTD yolowera ingakupindulireni. Ngati mukungofuna kukagwira ntchito m'chipatala kapena m'nyumba zosamalira okalamba, masters ikukwanirani.

Nthawi zina kusankhako kulibe n'komwe, chifukwa sukulu imene ili pafupi ndi kwanu inasiya masters. Zikatero yerekezani mitengo, osati mayina a madigiri. OTD ya yunivesite ya boma la kwanu ingathe kutsika mtengo kuposa masters ya yunivesite yoima payokha. Sukulu iliyonse yovomerezeka imayenera kuonetsa poyera kuti ophunzira ake amakhoza bwanji mayeso a NBCOT, ndipo nambala imeneyo ikuuzani zambiri kuposa zithunzi za anthu ovala mikanjo.

Amene mukuganiza zodzagwira ntchito kunja kwa America, dziwani kuti mpikisano wa udokotalawu ndi wa konkuno. Bungwe la dziko lonse lapansi la ntchito yathu, WFOT, limene linakhazikitsidwa mu 1952, silifuna udokotala. Chimene limalimbikira ndi maphunziro oyenera ndi maola osachepera 1,000 oyeserera ntchito. Ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa anthu amalowabe ntchitoyi ndi digiri yoyamba, ku Canada ndi masters. Nawonso amene anaphunzira kunja ndipo akufuna kudzagwira kuno, a NBCOT amaunika ngati maphunziro awo akufika pa mlingo wa masters. Za udokotala safunsa.

Kwa anzanga amene muli kale pantchito ndipo mtima ukukokerabe ku OTD, maganizo anga ndi awa. Dikirani kaye mpaka mutakhala ndi vuto lenileni limene lakusowetsani tulo pa wodi, chifukwa capstone yochokera pa vuto lotero ndi imene imakhala ndi moyo sukulu ikatha. Lankhulani ndi anthu amene anamaliza pa sukulu imene mukuifunayo zaka zingapo zapitazo, osati amene sukuluyo yakusankhirani, ndipo muwafunse funso limodzi losavuta: ntchito imene akugwira lero ndi yosiyana bwanji ndi imene ankagwira asanalembetse? Ngati mukufuna kuphunzitsa, pitani kwa mkulu wa pulogalamu ya yunivesite ya kufupi nanu mumufunse mtundu wa udokotala umene amalemba, poti ena amakonda PhD kapena EdD, udokotala wa zamaphunziro.

Za ndalama, musathamangire ngongole musanagogode kwa olemba ntchito anu. Lamulo la msonkho limalola kampani kukulipirirani maphunziro mpaka $5,250 pa chaka popanda kudulidwa msonkho, ndipo zipatala zambiri zili ndi thumba limeneli koma sizililengeza mokweza. Mukaphunzira pang'onopang'ono, kugawa makosi m'zaka zingapo, thumbalo limatha kusenza gawo lalikulu la fizi. Amene mumagwira m'zipatala za boma kapena za mabungwe osapanga phindu, fufuzaninso za PSLF, ndondomeko imene imakhululukira ngongole ya boma yotsala munthu akalipira maulendo 120 akugwira ntchito m'malo otero. Malamulo a ngongolezi amasinthasintha, choncho onani amene alipo chaka chimene mukulembetsacho.

Thumba la olemba ntchito lili ndi chingwe chake. Kawirikawiri amakusainitsa kuti ukamaliza ukhalebe nawo kwa nthawi yakuti, ndipo ukachoka msanga ubweze ndalamazo. Ngati cholinga chanu chotengera digiriyi ndi kusamukira kuyunivesite mukangomaliza, werengani ndime imeneyo bwinobwino, ndipo mufunse ngati kuchepetsa masiku ogwira ntchito kuti muzikaphunzitsa kwina kumawerengedwa ngati kuchoka. Kwathu kumawerengedwa ukatsika pansi pa maola amene anaika, ndiye kalasi yanga ndinaipempha kuti ikhale ya madzulo mpaka nthawi ya mgwirizanowo itakwana.